Maboma akaleka kulankhulana: kuyerekeza njira zokambirana kumbali

Mayiko awiri akayamba kukokanakokana pa nkhani ya malire, ya nyanja kapena ya zida, chimene chimayamba kufa ndi kulankhulana. Akazembe amaitanidwa kuti abwerere kwawo. Nduna zimayamba kuyankhana kudzera kwa atolankhani. Mtsogoleri aliyense amaopa kuti akangooneka wakhala pansi ndi mnzake wa kutsidyako, anthu ake anena kuti wagonja. Tsono nthawi imeneyi ndi imenenso mbali iliyonse imaganizira inzake zoipa zokhazokha. Gulu la asilikali likangosuntha usiku, kwinako amati nkhondo ija ndi imeneyi.

N'chifukwa chake pamakhala kukambirana kwina kochitikira kumbali, kopanda mbendera patebulo, kopanda zosainirana, kumene boma likhoza kukana kuti silikudziwapo kanthu. Anthu ambiri amakuona ngati chinthu chimodzi, chonsecho njira zake n'zosiyana kwambiri, ndipo kusankha yolakwika kumawonongetsa ndalama, nthawi, ngakhalenso miyoyo. Ine ndikamaziyerekeza ndimayamba ndi funso ili: zimene zakambidwa m'chipindamo, zikatuluka pakhomo, zikukalowa m'khutu la ndani? Ngati palibe njira yofikira kwa munthu amene angalamule asilikali kuti abwerere m'mbuyo, kukambiranako kungakome chotani, nkhondo sikungailetse.

Tiyambe ndi njira imene timaiona kawirikawiri pa wailesi yakanema, misonkhano ikuluikulu ya zachitetezo. Wa ku Munich unayamba m'chaka cha 1963. Wa ku Singapore, wotchedwa Shangri-La Dialogue potengera hotela imene umachitikira, bungwe lofufuza za chitetezo la IISS la ku London lakhala likuuchititsa kuyambira 2002. Mu Africa muli wa Tana, umene unayamba mu 2012 ku Bahir Dar m'dziko la Ethiopia. Misonkhano yotere simanga mfundo zokakamiza aliyense, choncho nduna ikhoza kupitako popanda kulonjeza kalikonse. Zimene akuluakulu amawerenga pansanja zimakhala zolembedwa kale kwawo. Phindu limapezeka m'makonde ndi m'tizipinda ta m'hotela, mmene nduna ziwiri zimene sizingayenderane zimapeza poyambira: tinangokumana kumsonkhano. Imathandizanso kudziwa kuti zinthu zatentha kufika pati. Amene anatchera khutu pa zimene Vladimir Putin analankhula ku Munich mu 2007 anadziwiratu kuti ubale wa Russia ndi mayiko a NATO, mgwirizano wa chitetezo wa America ndi mayiko a ku Ulaya, wayamba kusokonekera.

Komabe misonkhano imeneyi timaipatsa ulemu woposa ntchito yake. Munthu akaona makamera amayamba kulankhulira anthu a kwawo, uja wakhala naye moyang'anizana n'kumuiwala. Mu Juni 2023 ku Singapore, dziko la China linakana kuti nduna yake ya zachitetezo, Li Shangfu, ikhale pansi ndi mnzake wa ku America, Lloyd Austin. Awiriwo anangogwirana chanza pa chakudya chamadzulo, basi. Mu Febuluwale 2022 msonkhano wa ku Munich unachitika popanda nthumwi za boma la Russia, ndipo patangopita masiku ochepa asilikali ake analowa mu Ukraine. Zinthu zikafika posauzana, amene akufunika kwambiri m'chipindamo ndi amene sabwera.

Njira imene ine ndimaikonda siionekera n'komwe. Ndi kagulu ka anthu makumi awiri kapena atatu: akadaulo a m'mayunivesite, akazembe ndi akuluakulu a asilikali opuma pantchito, atolankhani odziwika. Amakumana chaka ndi chaka, aliyense akulankhula m'dzina lake lokha. Nthawi zambiri amatsata lamulo la Chatham House, la m'chaka cha 1927, lakuti zimene wamva ukhoza kukazinena kunja koma usatchule amene wanena. Kalamulo kameneka kamamasula lilime. Mkulu wa asilikali wopuma akhoza kufunsa kuti, "Nanga ifeyo titachotsa mizinga yathu pamalo akutiakuti, inu mungatani?" popanda kuopa kuti mawa lake nyuzipepala zilemba kuti dziko lake lagwada.

Misonkhano ya Dartmouth, ya anthu a ku America ndi a ku Soviet Union, inayamba mu 1960 motsogozedwa ndi mkonzi wa magazini Norman Cousins. Wachitatu unachitikira ku Andover, m'chigawo cha Massachusetts, mu Okutobala 1962. Ali mkati mokambirana, Pulezidenti John Kennedy anaonekera pa wailesi yakanema kulengeza kuti ku Cuba kwapezeka mizinga ya nyukiliya ya Soviet Union, ndipo sitima zankhondo za America zitchinga chilumbacho. Magulu awiriwo anaonera limodzi, aliyense akudziwa kuti mawa lake mzinda wa kwawo ukhoza kusanduka phulusa. Sanabalalike ayi, msonkhano unapitirira. Mkangano wa ku Cuba unatha kudzera njira ina, imene ndifikeko posachedwa. Koma m'miyezi yotsatira Cousins anakaonana ndi mtsogoleri wa Soviet Union, Nikita Khrushchev, maso ndi maso atanyamula mauthenga, pa nthawi imene mayiko awiriwo ankafunafuna pangano loletsa kuyesera mabomba a nyukiliya mumlengalenga, limene linasainidwa mu 1963. Asayansi a gulu la Pugwash, amene anakumana koyamba ku Canada mu 1957, anagwira ntchito yofananayo kwa zaka makumi angapo, ndipo mu 1995 gululo pamodzi ndi Joseph Rotblat linalandira mphoto ya mtendere ya Nobel.

Magulu otere amadziwa kuyambira pofewa. Kuyambira 1990, dziko la Indonesia, kudzera mwa kazembe wake Hasjim Djalal komanso ndi thandizo la ndalama lochokera ku Canada, linkasonkhanitsa anthu a mayiko amene akulimbirana nyanja ya South China Sea. Funso lakuti zilumba n'zandani analiika pambali dala. Ankakambirana za kafukufuku wa m'nyanja, za chilengedwe, za chitetezo cha sitima. Anthu a ku China ndi a ku Taiwan ankakhala patebulo limodzi, chinthu chimene pamsonkhano wa maboma chikanavuta. Mu 2002 China ndi mayiko a ASEAN, mgwirizano wa mayiko a kum'mwera chakum'mawa kwa Asia, anasainirana chikalata cha mmene azikhalira pa nyanjayo. Chikalatacho sichinali chokakamiza, ndipo sichinaletse China kumanga zilumba patapita zaka khumi ndi zingapo. Apa ndi pamene mphamvu ya njirayi imathera: imachepetsa kukayikirana ndi kumvana molakwa, koma dziko limene latsimikiza mtima kutenga chinthu silibwezedwa ndi akadaulo.

Vuto lina n'lakuti kagulu kotere kakhoza kusanduka bwalo la anthu ozolowerana. Nkhope zomwezo, hotela zomwezo, aliyense akudziwiratu chimene mnzake anene. Amagwirizana bwino zedi, koma kwawo palibenso amene amawayankha foni. Nkhani ya Yossi Beilin imaonetsa zimenezi poyera. Mu 1993 anali wachiwiri kwa nduna ya zakunja ya Israel, ndipo zimene Israel ndi Apalestina ankakambirana mseri ku Norway zinkadzera mwa iye kupita kwa nduna ya zakunja Shimon Peres, kenako kwa nduna yaikulu Yitzhak Rabin. Mu 2003 Beilin yemweyo, ali kunja kwa boma, analemba limodzi ndi Yasser Abed Rabbo wa ku Palestine pangano lathunthu la ku Geneva, lofotokoza malire ndi za Jerusalem mwatsatanetsatane kuposa la ku Oslo, limene linatuluka m'zokambirana za ku Norway zija. Boma la Ariel Sharon linalikana, ndipo linathera papepala. Munthu anali yemweyo, nzeru zomwezo, chimene chinasowa ndi khomo lolowera.

Zimenezi zikutifikitsa pa njira yachinsinsi imene atsogoleri eni ake aidalitsa. Mkangano wa ku Cuba uja unatha motere. Usiku wa pa 27 Okutobala 1962, Robert Kennedy, mng'ono wake wa pulezidenti, anakumana ndi kazembe wa Soviet Union, Anatoly Dobrynin, n'kumutsimikizira kuti America idzachotsa mizinga yake ku Turkey pakapita miyezi ingapo, bola nkhaniyo isamveke. Poyera Pulezidenti Kennedy sakanatha kunena zimenezo. Ku Muscat, m'dziko la Oman, nthumwi za America monga William Burns ndi Jake Sullivan zinakumana mwakachetechete ndi za Iran mu 2013, ndipo zimenezo zinatsegula njira ya pangano la nyukiliya la mu Julayi 2015. Pa nkhani ya ku South Africa, msonkhano wa ku Dakar, m'dziko la Senegal, wa mu Julayi 1987, umene Frederik van Zyl Slabbert ndi Alex Boraine anapititsako azungu ambiri olankhula Afrikaans kukakumana ndi ANC, unali wodziwika ndipo unasintha maganizo a anthu. Koma panalinso misonkhano ina yobisika ku England, m'nyumba ya Mells Park, imene mphunzitsi wa pa yunivesite Willie Esterhuyse ankakumana ndi Thabo Mbeki wa ANC. Esterhuyse ankakapereka lipoti kwa akazitape a boma, ndipo Mbeki ankadziwa zimenezo. Ndi chimene chinapatsa misonkhanoyo kulemera kwake.

Pa liwiro ndi pa kufika kwa eni mphamvu, palibe njira yoposa imeneyi. Mtengo wake umalipidwa pambuyo. Mu Januwale 1993 aphunzitsi awiri a ku Israel, Yair Hirschfeld ndi Ron Pundak, anakumana ndi Ahmed Qurei wa PLO, gulu lomenyera ufulu wa Apalestina, pafupi ndi Sarpsborg ku Norway, mobisalira m'dzina la bungwe lofufuza la Fafo. Pofika mu Meyi boma la Israel linali litatumiza mkulu wa unduna wa zakunja, Uri Savir, ndipo pa 13 Sepitembala Rabin ndi Yasser Arafat anagwirana chanza ku White House. Miyezi isanu ndi itatu yokha. Koma nthumwi za Palestine zimene zinkakambirana poyera ku Washington, motsogozedwa ndi Haidar Abdel-Shafi, zinasiyidwa mumdima. Nkhani zolemera, za Jerusalem, za othawa kwawo, za malire ndi za midzi ya Ayuda m'madera olandidwa, zinakankhidwira mtsogolo. Anthu a mbali zonse ziwiri anadzidzimutsidwa ndi pangano limene sanakonzekeretsedwe, ndipo odana nalo anapeza mpata. Rabin anaphedwa ndi munthu wa dziko lake lomwe mu Novembala 1995. Pangano la Iran nalo linasiya Israel ndi mayiko ena a Chiarabu akudandaula kuti anapangiridwa zinthu kumbuyo, ndipo mu Meyi 2018 America inatulukamo.

Mumdima mulinso choopsa china: sudziwa bwino amene ukulankhula naye. Mu 2010 ku Afghanistan kunatulukira munthu wodzitcha Mullah Akhtar Mansour, mmodzi wa akuluakulu a Taliban. Anamulandira, anamupatsa ndalama, kenako zinadziwika kuti sanali iyeyo. Chaka chotsatira, mu Sepitembala, Burhanuddin Rabbani, amene ankatsogolera khonsolo ya mtendere ya dzikolo, anaphedwa m'nyumba mwake ndi munthu amene anabwera ngati wonyamula uthenga wa Taliban, bomba atalibisa m'nduwira. Wotsegula njira yachinsinsi ayenera kuyamba wayesa mnzakeyo ndi kanthu kakang'ono kooneka, monga kumasula mkaidi kapena kuleka kuombera tsiku limodzi, kuti adziwe ngati mawu ake amamvekadi kwa onyamula mfuti.

Nanga ngati mbali imodzi ndi gulu loukira, limene boma silifuna n'kulitchula dzina komwe? Apa ndi pamene amkhalapakati opanda dziko amaposa onse. Nkhondo ya ku Mozambique inali itapha anthu pafupifupi miliyoni imodzi pamene nthumwi za boma la Frelimo ndi za Renamo zinakumana mu Julayi 1990 ku Rome, m'nyumba yakale ya masisitere m'dera la Trastevere, likulu la gulu la akhristu wamba la Sant'Egidio. Amkhalapakati anali anayi: Andrea Riccardi, wansembe Matteo Zuppi, Arkibishopu Jaime Gonçalves wa ku Beira, ndi Mario Raffaelli woimira boma la Italy. Analibe asilikali, analibe chilango choopsezera aliyense. Chimene anali nacho ndi mbiri ya zaka zambiri zothandiza anthu a ku Mozambique, ndiponso kupirira. Armando Guebuza wa boma ndi Raul Domingos wa Renamo anakumana n'kubalalika maulendo 11 pa miyezi 27, anthu kwawo akufabe, ena akunyoza kuti ku Rome akungotaya nthawi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa 4 Okutobala 1992 Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama anasaina.

Kufooka kwa mkhalapakati wotere ndi kumene kumamuthandiza, chifukwa palibe amene amamuganizira kuti akufuna migodi kapena doko. Koma kufooka komweko kumatanthauza kuti pangano sangalitchinjirize yekha. Ku Mozambique bungwe la United Nations linatumiza asilikali zikwi zingapo kukayang'anira kutula zida mpaka chisankho cha mu Okutobala 1994. Ku Aceh, m'dziko la Indonesia, kusiyana kwake kunaoneka bwino. Bungwe la Centre for Humanitarian Dialogue la ku Geneva linathandiza kuti pakhale pangano loleka kumenyana pakati pa boma ndi gulu loukira mu Disembala 2002, koma pofika Meyi 2003 linali litagwa. Madzi a tsunami atasesa deralo mu Disembala 2004, Martti Ahtisaari, pulezidenti wakale wa Finland, ndi bungwe lake la CMI anatsogolera zokambirana zina, ndipo pangano la ku Helsinki la pa 15 Ogasiti 2005 linabwera ndi oyang'anira ochokera ku European Union ndi mayiko ena a ASEAN. Limenelo linagwira. Tsoka la madzi linafewetsa mitima, inde, koma oyang'anira okhala ndi maboma kumbuyo kwawo ndi amene anaona mfuti zikudulidwa ndi asilikali akuchoka.

Za kutuma munthu wamkulu wolemekezeka sindichulutsa mawu. Jimmy Carter anapita ku Pyongyang mu Juni 1994, America ikuganiza zomenya malo a nyukiliya a North Korea, ndipo anabwerako ndi lonjezo la mtsogoleri wa dzikolo, Kim Il Sung, loimitsa ntchitoyo. Analilengeza pa CNN boma la Bill Clinton lisanamange mfundo, zimene zinakwiyitsa ambiri ku Washington. Kofi Annan, Graça Machel ndi Benjamin Mkapa anakhala ku Nairobi mu 2008 mpaka Mwai Kibaki ndi Raila Odinga anasaina pa 28 Febuluwale, anthu oposa 1,000 atafa kale pa ziwawa za pambuyo pa chisankho. Njira imeneyi ndi ya pamene zinthu zawonongeka kale kapena zatsala pang'ono. Imadalira munthu mmodzi, ndipo akakwera ndege kubwerera, zoyambitsa mkangano zimatsala pomwepo.

Pali chinthu china chimene si kukambirana kwa kumbali kwenikweni koma n'choyenera kuchiika pa sikelo yomweyo: lamya ya pakati pa akuluakulu a asilikali. Pa mkangano wa ku Cuba, kalata ya Khrushchev inkatenga maola ambiri kuti ifike ndi kumasuliridwa, choncho mu 1963 Moscow ndi Washington anakhazikitsa njira yachindunji yotumizirana mauthenga olembedwa. Mu 1972 anagwirizananso za mmene sitima zawo zankhondo zizipewerana panyanja. India ndi Pakistan ali ndi lamya ya akuluakulu oyendetsa asilikali, imene inagwira ntchito pa kuleka kuomberana kwa mu Febuluwale 2021 komanso mu Meyi 2025, ndipo pa 1 Januwale chaka chilichonse kuyambira 1992 amapatsana mndandanda wa malo awo a nyukiliya. N'zotsika mtengo, ndipo mayiko oyandikana amene akukayikirana sayenera kukhala opanda zimenezi. Koma lamya imaletsa ngozi chabe, mkangano siiuthetsa, ndiponso imafuna woiyankha. Mu Febuluwale 2023, America itagwetsa chibaluni cha China, Austin anapempha kulankhula ndi mnzake wa ku Beijing ndipo anakanidwa.

Kumalire ambiri, makamaka kumene boma lili kutali, amene amayambitsa kapena kuzimitsa ziwawa ndi eni dera. Msonkhano wa ku Wunlit, kum'mwera kwa Sudan, wa mu 1999, umene bungwe la mipingo la New Sudan Council of Churches linakonza, unasonkhanitsa mafumu, amayi ndi akuluakulu a mitundu ya Dinka ndi Nuer. Anapha ng'ombe yoyera monga mwa mwambo wawo, anamvetserana madandaulo kwa masiku angapo, n'kugwirizana zobweza amayi ndi ana amene anatengedwa mokakamiza komanso zogawana msipu ndi malo ophera nsomba. Zimene zinasowa ku Oslo, kuti anthu wamba alione pangano ngati lawo, kuno zinalipo zambiri. Zimene zinasowa kuno ndi mphamvu pa andale a pamwamba, amene mu Disembala 2013 anabwezera South Sudan m'nkhondo.

Ndiye wina akandifunsa kuti ndalama ndi khama zipite kuti, yankho langa limatengera kuti zinthu zafika pati. Mfuti zikamalira kale, pafunika njira yachinsinsi yodalitsidwa ndi atsogoleri, kapena mkhalapakati wodekha wokhala ndi maboma kumbuyo. Koma ngati cholinga ndi kupewa, ndimasankha kagulu kakang'ono kokumana kwa zaka zambiri, kophatikizidwa ndi lamya ya asilikali. Chimene chimandipweteka n'chakuti njira imeneyi ndi imene imavuta kupezera thandizo. Opereka ndalama amafuna lipoti la zotsatira pakatha zaka ziwiri, ndipo nkhondo imene sinachitike palibe amene angaijambule chithunzi. Ndalama zimathamangira ku misonkhano ya makamera.

Kagulu kotere kamakhala ndi moyo kapena kufa posankha oitanidwa. Okonza ambiri amathamangira opuma pantchito a mayina akuluakulu chifukwa amapezeka msanga, komanso anthu ofatsa amene akugwirizana kale ndi mtendere. Ofunika kwambiri ndi ouma mtima amene kwawo amamveredwa, ndi achinyamata amene mawa adzakhala m'maofesi. Gulu la Dartmouth loona za mikangano ya m'madera linkatsogozedwa ndi Harold Saunders wa ku America ndi Yevgeny Primakov wa ku Soviet Union, pamene Primakov anali mkulu wa bungwe lofufuza. Mu 1996 anakhala nduna ya zakunja ya Russia, mu 1998 nduna yaikulu. Gulu lomwelo ndi limene mu Malichi 1993 linayambitsa kukambirana pakati pa anthu a mbali zomenyana ku Tajikistan, boma ndi otsutsa asanavomere kukumana. Zokambirana zovomerezeka zitayamba mu Epulo 1994 pansi pa United Nations, ena mwa anthu a m'kagulu kaja anapezeka m'nthumwi zenizeni, ndipo kaguluko kanapitiriza kukumana pambali mpaka pangano la mu Juni 1997 ndi kupitirira apo.